Dzimbiri pa Diresi la Ukwati

Diresi linatha kusokedwa Lachitatu, ukwati unali Loweruka. Mayi Telala, monga ankawatchulira anthu onse a mumsewu wawo, anangotsala ndi kuchotsa choko ndi litsiro la m'manja pa lesi wa pachifuwa. Lesiyo sanali wogula ayi. Anachita kumusomola pa diresi la ukwati la malemu mng'ono wawo, mayi wake wa mkwatibwi, ndipo anatha masabata atatu akumulumikiza ndi singano ya pamanja mpaka maso kuchita chidima.

Lachinayi m'mawa anayala diresilo m'bafa, n'kutsegula mpopi wa madzi otentha pang'ono chabe kuti akhale ofunda. Nthawi yomweyo amuna awo anayamba kutsokomola kuchipinda. Bambowo anadwala sitiroko chaka chathachi, mbali yakumanja inafa, mawu nawo anapita. Mayi Telala anathamanga kukawadzutsa, kuwatsamiritsa pa pilo ndi kuwapukuta kukamwa. Pobwerera anapeza diresi likusambira m'madzi ofiira ngati tiyi wopanda mkaka.

Analivuula, n'kulitsukuluza ndi madzi ozizira, amene ankatuluka oyera mbee ngati palibe chachitika. Nsalu ya m'munsi inayera, koma lesi anali atamwa kale. Mawanga achikasu anali ponseponse kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Anathira sopo, osatheka. Anatenga bulichi n'kudontheza pa banga lalikulu la paphewa. Bangalo linada kwambiri iwo akuyang'ana.

Anakhala pansi m'bafamo, nsana atatsamira chitseko, n'kuimbira foni mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene ankagwira ntchito ya upulambala ngati mkulu wakeyo asanadwale.

"Alamu, siyani chilichonse mubwere. Ndapha mwana wa anthu."

Pulambala anafika thukuta lili kamukamu, akuganiza kuti achimwene ake atsirizika. Ataona diresi anapumira m'mwamba, koma ataona nkhope ya alamu akewo sanayerekeze kuseka. Anatenga matambula awiri, ina anatunga ku mpopi wozizira, ina ku wotentha, n'kuwaika pawindo.

"Onani apa, alamu. Ozizira ali bwinobwino, ndiye vuto si la madzi obwera kuchokera kunja. Dzimbirili likuphikidwa m'nyumba mwanu momwe muno, m'giza, thanki yotenthetsa madzi ili m'siling'imu. Inayamba liti kutere?"

"Imachita m'mawa, kenako n'kuyera. Ndimangoti ndi dothi."

"Munaikhutula liti komaliza?"

"Giza amaikhutula?"

Pulambala anaimika makwerero m'khonde la pakati, anazimitsa magetsi a giza, n'kulowa m'siling'i ndi sipanala. Kunamveka kugogoda, kenako kutukwana kwapansipansi. Anatsika atanyamula kachitsulo kotalika ngati mkono, kodyekadyeka, kotsala waya wokhawokha.

"Aka kanali kandodo konenepa ngati chala chachikulu. Ntchito yake n'kudyedwa ndi madzi kuti thanki isadyedwe. Kakatha, madzi amayamba kudya thankiyo. Timakaona pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo chaka chilichonse timakhutula matope amene amakhazikika pansi. Achimwene ankachita okha zimenezi, inu muli pa makina anu. Paipi yochokera kugiza nayo ndi yachitsulo chakale, yafunika kusintha."

Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula. Bambo odwala aja ataona kachitsuloko anayamba kumenya matiresi ndi dzanja lamanzere, n'kuloza kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. Mayi Telala anagwira pakamwa. Kwa miyezi isanu ndi umodzi amuna awo akhala akuloza kudenga choncho, iwo n'kumawakalipira kuti, "Musamatero bambo, simukupita kulikonse." Ankaganiza kuti munthuyo watopa ndi moyo.

Koma panalibe nthawi yolira zimenezo. "Za giza ndamva, alamu. Nanga diresi?"

"Ine ndine wa mapaipi. Koma dzimbiri la m'sinki timachotsa ndi mandimu ndi mchere. Bulichi ndiye ayi, amalikhomerera."

"Ndathira kale."

Pulambala anayang'ana pansi, n'kupita kukalumikiza paipi yokhutulira. Madzi amene anatuluka panja anali phala lenileni lofiira, ndipo anatenga nthawi yaitali kuti ayere.

Mayi Telala anagula mandimu onse amene anapeza pa golosale ya pakona. Anayala diresi pa tebulo lodulira nsalu, analitulutsa padzuwa, n'kumafinyira banga lililonse palokha, kuwaza mchere, kudikira, kutsukuluza ndi madzi ozizira, kuyambiranso. Zala zawo zobayidwabayidwa ndi singano zinkawawa ngati aziika pamoto. Sanadye tsiku limenelo. Mitambo ikaphimba dzuwa ankayankhula nayo mokweza, mpaka mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda n'kubwerera mwakachetechete.

Pofika Lachisanu masana mawanga ambiri anali atazimirira, otsalawo munthu akanawaona pokhapokha atauzidwa. Koma paphewa, pamene panagwa bulichi, panatsala banga lakuda lalikulu ngati chikhatho, ndipo ulusi wake unkaduka ukangokhudzidwa.

Mkwatibwi anafika chakumadzulo kudzayesa diresi, tsitsi atamanga kale, akuseka ndi foni kukhutu. Mayi Telala sanamupatse ngakhale mpando. Anamutengera ku tebulo, n'kumuuza zonse monga zinachitikira, osasiyako za bulichi.

Mtsikanayo anathimitsa foni. Anayendetsa chala m'mbali mwa bangalo nthawi yaitali.

"Pamenepa ndi pamene ndinkatsamira pa chithunzi chija," anatero. Mayi ake anakwatiwa iye ali ndi zaka ziwiri, ndipo pa chithunzi chokhacho cha ukwatiwo chimene anali nacho, mayiwo anali atamunyamula.

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndinajambulitsa ndine."

"Sipangachapikenso?"

"Pakakhudzidwanso ndi madzi pabooka."

Mkwatibwi sananene kuti palibe kanthu, ndipo Mayi Telala sanayembekeze kuti atero. Mtsikanayo anangotenga sizasi pa makina n'kuwapatsa.

"Dulani, mayi aakulu. Koma kachidutswako musataye, mundipatse."

Mayi Telala anadula mozungulira, pang'onopang'ono, akupuma ngati akwera phiri. Pa dzenjepo anaikapo duwa la nsalu yotsala ya siketi, ndipo anadulanso lina la phewa linalo kuti zifanane. Mtsikanayo anavala diresi, anaima pakati pa chipinda atatambasula manja, maso ali kukhoma, mayi ake aakulu akuzungulira ndi mapini kukamwa.

"Imirira bwino," anatero Mayi Telala. "Phewa ili latsika."