Boti la Odwala Lili Pati, a Phungu?

"Munene monga tinagwirizana, a phungu," ananong'ona Valdemar, mlembi wa chipani, uku akukonza chimkuzamawu. "Bilu ikuyenda bwino. Basi."

Phunguyo, Jucilene, anakwera pansanja. Msika wa padoko unali utadzaza. Asodzi anali atakocheza mabwato, amayi ogulitsa nsomba ndi ufa wa chinangwa atasiya malonda, onse kudzamva zimene phungu wawo wachita ku nyumba ya malamulo ya chigawo chawo.

Anayamba ndi zosavuta: katemera wa ana afika Lolemba, denga la sukulu lakonzedwa, msewu wa ku Santa Rita aupala mvula ikatha. Anthu anawomba m'manja mwaulesi.

"Nanga boti la odwala?"

Anali Dona Zuleide, wogulitsa nkhanu, amene mwana wake wamkazi anamwalira pobereka m'bwato lopalasa, chipatala chikuoneka patsidya. Jucilene anali pamalirowo, ndipo ndi pomwe analumbira kuti adzapereka bilu yoti midzi ya m'mbali mwa mtsinje ikhale ndi boti lonyamula odwala.

"Bilu yathu ikuyenda, Dona Zuleide."

"Ikuyenda? Yafika pati, tikaichingamire?" Anthu anafa nacho chiseko. "Iwe Jucilene, ndinakuona ukupala mamba a nsomba pano, mamina ali mbwee. Lero wavala jekete, ukutiyankhula ngati wailesi. Kandimverere anakanena za m'maluwa!"

Jucilene anayang'ana Valdemar, yemwe ankamupukusira mutu pang'onopang'ono. Kenaka anachotsa chimkuzamawu pachitsulo n'kutsika nacho pansanja.

"Mwanena zoona, mayi. Bilu siikuyenda. Yafera mukomiti ya zaumoyo, ndipo amene aikhalira si adani ayi, ndi a chipani changa chomwechi. Akuti anthu a kumtsinje ndinu ochepa, mavoti anu sadzaza chipewa."

Valdemar anamulondola n'kumugwira pachigongono.

"Mwapenga? Pachisankho chikubwerachi dzina lanu silionekanso. Mubwerera ku nsomba!"

"Nsomba sizinandichititsepo manyazi, a Valdemar. Walira mvula walira matope. Chotsani dzanja."

Anatembenukiranso kwa anthu. "Komitiyo ikumana Lachinayi m'mawa. Kuli mipando ya anthu wamba, ndipo imakhala yopanda munthu. Ndekha akhoza kunditseka pakamwa. Koma sindikudziwa ngati angakane boti akuyang'anizana ndi Dona Zuleide."

"Ulendo wa tsiku lathunthu umenewo," anadandaula Seu Anacleto, mwini boti lonyamula katundu. Anakanda ndevu, n'kuyang'ana Dona Zuleide. "Chabwino. Langa lipita. Koma wochita chizungulire asanzire kunja."

Valdemar anali atapita kale kuseri kwa msika, foni ili kukhutu.

Lachitatu m'mamawa boti linanyamuka litadzaza mpaka padenga. Jucilene anakhala pathumba la ufa, foni yake ikulira kosalekeza m'chikwama. Dona Zuleide anamukankha ndi phewa.

"Sukuyankha mabwana ako?"

"Akandipeza komweko."

Mayiyo anatsegula poto, namupatsa nkhanu yophika. "Idya. Mawa ukufunika mawu."