Kanyali Kachikasu

Kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi Makisoni akufika kwawo ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mtima wake unakwera m'mwamba. Galimoto yake yonyamula matemba inayamba kutsokomola ndi kufuka utsi wakuda, petulo ikumwa ngati chidakwa cha pamaliro.

Sikuti ankadandaula za nsomba. Mkazi wake Rukia anali woyembekezera, mwezi wake unali womwewo. Popeza mwana woyamba, Prince, anabadwa pa opaleshoni, anamwino anali atanenetsa kuti matenda akangoyamba athamangire kuchipatala ku Zomba, osazengereza. Galimoto ina yodalirika m'mudzimo munalibe.

Makaniko Lameki analumikiza kachipangizo pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga pa foni yake.

"Ndi sensa ya okosijeni," anatero Lameki. "Imakhala pa ekizozi, imanunkhiza utsi n'kuuza injini mafuta oyenera." Anakwawira pansi pa galimoto, n'kutuluka zala zili mbuu ndi mchere. "Achimwene, galimotoyi mumaitsuka kuti?"

Makisoni anazyolika. Chiyambire mimba, Rukia ankasanza akangomva fungo la nsomba. Ndiye mwamuna wachikondiyu akabwera kuchokera ku Zomba ankalowetsa galimoto chambuyo m'nyanja, ekizozi ikadali yamoto, n'kuikwecha mpaka fungo litatha. Chonsecho ngakhale mbuzi imadziwa kuti madzi a Chilwa ndi amchere!

"Singayendebe chonchi?" anafunsa.

"Kuyenda ingayende. Koma ikakuzimirani pamsewu ndi mayiwo, musanditchule."

Sensa yatsopano anaiitanitsa ku Limbe. Makisoni chakudya chinaleka kumukomera, tulo tinamuthawa. Minibasi iliyonse ikaima ankaithamangira poganiza kuti yabweretsa sensayo, mpaka makondakitala anayamba kumuseka. Tsiku lomwe kaphukusiko kanafika, sensa yakale inakana kumasuka chifukwa cha dzimbiri. Lameki anaithira oyilo, anaiwotcha, anaigogoda, koma ayi ndithu.

Apo foni inalira. Anali apongozi ake a Makisoni.

"Zayamba kuno. Muli kuti kodi?"

Makisoni anaponya foni m'thumba. Anagwada m'fumbi, n'kugwira sipanala pamodzi ndi Lameki, onse awiri n'kukoka. Chitsulo chinalira, kenako chinagonja. Lameki anamanga sensa yatsopano, analumikiza waya wake, n'kufufuta uthenga wa vutolo pa foni. Makisoni analiza injini, maso ali tong'o pa dashibodi. Kanyali kanayaka pang'ono, kenako kanazima.

Kunyumba anapeza Rukia atatsamira khoma, thukuta lili kamukamu. Apongozi anamuthandiza kukwera kumbuyo, momwe munali mamba okhaokha. Galimoto inali isanaone madzi chiyakire kanyali kaja.

"Bambo a Prince," anabuula Rukia atatseka mphuno, "muno mukununkha nsomba."

Makisoni anayang'ananso pa dashibodi. Panali bii. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Mununkhe, mayi," anatero, n'kuponda moto. "Mununkhe mpaka ku Zomba."