Liwu la Injini Yakale

Ndinafika kutada. Phula linathera pa mzikiti, kutsogolo kunali mchenga ndi fungo la nsomba. Chifunga chinali chitatsika kale. Nyali za pikapu yanga zinkangounika utsi woyera. Nyanja ndinkangoimva.

Dzina langa ndine Driss. Ndimakonza injini za maboti. Ndinakulira ku Casablanca, pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo sindikhalitsa malo amodzi. Abwana akandituma ndimapita, ndimamanga, ndimachoka. Mayina a midzi sindisunga.

Ntchito ya kuno inali ya usiku umodzi. Amuna a pamudzi anali atazula kale injini yakale n'kukhazika yatsopano m'boti. Kwanga kunali kuilunjikitsa ndi shafiti, chitsulo chozungulitsa chopalasira madzi, kulumikiza mapaipi, kuiliza koyamba. Ndiyeno kunyamula yakaleyo.

Munthu wamtali anatulukira m'chifungamo ali ndi nyali. Anali Bouchaib, mwini boti. Onse amamutcha Rais, kutanthauza woyendetsa boti. Kumbuyo kwake kunali nkhalamba yaifupi, Hmad, amene wakoka naye maukonde zaka makumi awiri.

"Ndinu mmisiri wa ku Casa?" anafunsa Rais.

"Ndine."

"Timakudikirani masana."

"Msewu wanu umabisala."

"Umabisalira a m'tauni okha," anatero Hmad. Anaunika mapazi anga. "Rais, taonani nsapato. Atitumizira mkwati."

Injini yakale inali padoko, pa matabwa awiri, atayifunditsa lona. Ndinafuna kuvundukula. Rais anandigwira dzanja.

"Mawa. Ponyamula."

Ndinatsikira m'mimba mwa boti. Injini sailunjikitsa boti lili kumtunda. Matabwa amasintha akalowa m'madzi, shafiti n'kukhota. Izi ankazidziwa, boti anali ataliyandamitsa kale. Ndinagwada m'matope a dizilo maola atatu. Kumasula apa, kumanga apo, kachitsulo kopyapyala pansi pa mwendo wa injini, kuyezanso. Hmad ankandigwirira nyali n'kumandiuza kuti mbuzi yake ikanamaliza msanga.

Ndinapotokola kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi. Masilinda asanu ndi imodzi, liwu losalala ngati la mphaka wokhuta.

"Yakale ija inali ya awiri," anatero Hmad. "Imayenda ngati munthu wotsimphina. Du, du. Du, du."

Rais anaizimitsa yekha.

Tinakadya kunyumba kwake. Nsomba ndi mbatata m'mbale imodzi, buledi wotentha, tiyi wa timbewu. Nditakhuta pakamwa panga panamasuka.

"Rais, boti lanu liziuluka. Ulendo wa maola asanu muziutha awiri. Komanso injiniyi sisokosa. Muzilowa padoko anthu osadziwa n'komwe kuti mwabwera."

Dzanja la Hmad linaima m'mbale. Kuseri kwa katani ya kukhitchini kunamveka mawu a mkazi.

"Mwamva, alamu? Wanena yekha mlendo."

"Rkia, pali mlendo pano."

"Ndamumva mlendoyo. Liwu la chinthu chimenecho sindilidziwa. Sindingaitane chimene sindikuchidziwa."

"Muzolowera, alamu."

"Mwazula liwu la mng'ono wanu ngati dzino lobooka. Mawa musandidikire pathanthwe."

Katani inagwedezeka. Tinamaliza tiyi.

Hmad anandiperekeza kokagona, m'nyumba yosungira maukonde padoko pomwepo.

"Mwalankhula ngati wa m'tauni weniweni," anatero.

"Ndalakwa pati, bambo Hmad?"

"Doko lathu lili ndi khomo limodzi. Mpata pakati pa miyala, wokwana boti limodzi. Chifunga chikatsika, nyumba iliyonse imatumiza munthu wake pathanthwe la pakhomopo, aliyense ndi chitsulo chake. Amamvetsera injini ya kwawo. Ikakhala pamzere amamenya pang'onopang'ono, kuti bwera. Ikapatuka amamenya mofulumira, kuti ima. Wa boti lathu ndi Rkia. Chitsulo chake ndi botolo la gasi lakale."

"Makina oonetsa njira mulibe?"

"Alipo. Amakuuzani kuti mwafika pakhomo. Sakuuzani kumene funde lakukankhirani."

"Nanga wina sangaime m'malo mwake?"

"Ndani? Mkazi wa Rais ndi wa kumapiri. Sasiyanitsa boti ndi thirakitala. Khutu lotere limakula zaka."

Tinafika pakhomo. Sanachoke. Anayatsa fodya.

"Mbarek anali mng'ono wa Rais, mwamuna wa Rkia. Mulungu amuchitire chifundo. Chaka chatha waya wokokera ukonde anaduka tili kutali, n'kumung'amba ntchafu. Rais anatembenuza boti. Maola asanu. Tinamugoneka pa chivundikiro cha injini, ndiye pofunda. Anatisiya ola lachinayi. Kunali chifunga ngati chino. Rkia anaimva injini, anamenya chitsulo, anatilowetsa bwinobwino. Anatsika pathanthwe akuseka, atabweretsa buledi."

Anakoka fodya.

"Rais akuti injini yothamanga ikanamufikitsa wamoyo. Mwina. Chimene ndikudziwa, yakaleyo ikamalira Rais amamva munthu akubuula mkati mwake. Inenso nthawi zina..." Anaponda fodya uja. "Gonani, akwati."

Ndinagona pa maukonde. Ine ndagonapo m'magalaja, m'mabasi, m'khonde la polisi. Tulo sindivutika nato.

Chinandidzutsa ndi liwu. Linkachokera kunyanja, kutali. Du, du. Du, du. Masilinda awiri, imodzi yotopa. Khutu langa silinama pa zimenezi.

Ndinatuluka opanda nsapato. Injini yakale inali pomwepo, pa matabwa ake. Ndinapisa dzanja pansi pa lona. Chitsulo chozizira, chonyowa ndi mame. Liwu lija linkayandikirabe. Kenako kuthanthwe kunamveka botolo la gasi. Ngo. Ngo. Pang'onopang'ono, mosaphonya.

Linalowa pampata. Linadutsa pakati pa doko. Linafika pafupi ndi mapazi anga n'kuzima. Madzi anamenya khoma katatu, monga amachitira boti likadutsa. Sindinaone chilichonse.

"Mwamva?"

Rais anali ataima pambali panga. Sindikudziwa kuti anabwera nthawi yanji.

"Ndi boti la wina," ndinatero.

"Maboti onse ali muno. Werengani."

Sindinawerenge.

"Usiku uliwonse wa chifunga Rkia amamulowetsa Mbarek," anatero Rais. "Ndimaganiza kuti ndikaizula zitha." Anayang'ana lona. "Akuopa kuti khutu lake likaphunzira yatsopano, yakaleyo sadzaimvanso."

Ine si munthu wa mawu otonthoza. Ndili ndi masipanala.

"Liwu lakale sindingalibweze, Rais. Koma iyi ndingaimasule pakamwa kuti imveke."

Ndinatsikiranso m'boti. Ndinachotsa mgolo wochepetsa phokoso wa ku ekizozi, n'kulumikiza paipi yopanda kanthu. Abwana akanaona akanandithamangitsa ntchito. Ndikumanga bawuti yomaliza, kumzikiti anaitanira swala ya m'bandakucha.

Atapemphera, Rais anamasula chingwe. Chifunga chinali chikhalire. Kuyesa injini pamadzi ndi ntchito yanga, ndiye ndinakwera nawo.

"Osadikira kuti kuyere?" anafunsa Hmad.

"Chifunga chino n'cha mwezi wathunthu. Ndikaopa lero, boti ndingogulitsa."

"Mkwatiyu amatha kusambira?"

"Ndimatha m'bafa," ndinatero.

Palibe anaseka.

Kutuluka n'kosavuta. Umalunjika funde, funde lomwe limakuonetsa khomo. Podutsa pampata ndinayang'ana kuthanthwe. Sindinaone munthu. Sindinaone ndi thanthwe lomwe.

Kunja Rais anakankha chogwirira mpaka kumapeto. Mphuno ya boti inadzuka. Madzi anang'ambika mbali zonse, matabwa akunthunthumira pansi pa mapazi. Hmad anagwira chipewa. Ndinakhudza shafiti, inali yosalala, yosatentha. Ntchito yanga inali bwino. Rais ankangoyang'ana wotchi. Milomo ikuwerenga.

"Awiri," anatero. "Akanakhala maola awiri."

Anatembenuza boti mwamphamvu.

Kubwerera ndiye nkhani ina. Funde lili kumbuyo, likukukankha. Miyala sioneka, imangomveka, kumanja ndi kumanzere, madzi akusweka. Injini inkabangula ngati ng'ombe. Mudzi wonse uyenera kuti unadzuka. Makina anati tafika pakhomo. Rais anachepetsa pang'ono.

Kuthanthwe kunali zii.

"Sanabwere," anatero Hmad chapansipansi. "Rais, tiyime kunja."

"Funde latigwira kale."

Ndinaona thovu loyera kumanzere. Pafupi. Ndinagwira chitsulo cha denga ndi manja onse. Ndinakumbukira chipinda changa cha ku Casa, chimene sindimachikonda.

Botolo la gasi linalira. Ngongongongo, mofulumira, mwaukali. Ima.

Rais anabweza giya. Boti linakhala ngati lakhala pansi. Mwala wakuda unadutsa pambali pathu, ndere zikulendewera. Ndikanatambasula mkono ndikanaukhudza.

Chitsulo chinaleka. Tinayandama. Kenako chinayambanso, koma pang'onopang'ono. Ngo. Ngo. Sichinkatsata injini yatsopano. Chinkamenya mayendedwe a yakale ija, otsimphina.

"Akuitana ndani?" ndinafunsa.

"Khalani chete, amisiri," anatero Hmad.

Rais anatseka maso. Anatsitsa moto. Anatsitsanso, mpaka injini yanga ya masilinda asanu ndi imodzi inayamba kugunda mwaulesi, yongotsala pang'ono kuzima. Anaifananitsa ndi chitsulo. Ngo, du. Ngo, du. Tinayenda ngati tanyamula munthu wogona. Miyala inadutsa uku ndi uku. Madzi anadekha. Tinali m'doko.

Hmad analavulira m'madzi.

"Liwiro lonse lija, kudzalowa ngati nkhono."

Rais sanatsegule maso mpaka boti litakhudza khoma.

Amuna asanu anakweza injini yakale pa pikapu ndi unyolo. Anavundukula lona. Inali yobiriwira, utoto wosupuka. Pa chivundikiro panali malo amodzi okwechedwa kwambiri, chitsulo chikuwala. Ndinaifunditsanso msanga n'kumanga zingwe.

Nditalowa m'galimoto, mkazi anaima pawindo. Wamng'ono thupi, mpango wonyowa ndi chifunga, nyundo m'dzanja. Ndinamudziwa ndi mawu. Anali Rkia.

"Amisiri, chinthu chanucho chimalira ngati bulu."

"Ndachita dala, mayi."

"Ndadziwa. Chisiyeni choncho." Anayang'ana kumbuyo kwa pikapu. "Iyi mukupita nayo kuti?"

"Abwana akaikonza. Akagulitsa kwa wina wa boti."

"Ayi. Ikapope madzi kumunda. Kumtunda, kumene kulibe nyanja." Anaika chikhatho pa lona. "Mbarek watopa. Usiku uliwonse ulendo womwewo. Kuyambira lero ndizimvetsera wamoyo."

"Ndikawauza abwana."

"Musakawauze. Mukachite."

Ndinavomera ndi mutu. Ndimadziwa mlimi wina wa mavwende kuseri kwa Marrakech. Msewu wake si wa ku Casa. Sindinadandaule.

Rais anandipatsa nsomba za sadini zokulunga m'nyuzipepala. Hmad anati ndikagule nsapato za amuna. Ndinaliza galimoto. Mchenga, mzikiti, phula. Chifunga chinanditsata mpaka pamwamba pa chitunda.

Pamenepo ndinamva kumbuyo kwanga. Du, du. Du, du. Mwina unyolo unali wosamanga bwino. Sindinaime kuti ndikaone. Ndinapinda galasi loonera kumbuyo n'kukhotera kum'mawa, kwa mlimi wa mavwende uja.