Mkanjo Wosasita

Mkanjo wa abusa unali patebulo, simbi itatentha kale, koma mayi wochapa zovala uja manja anali lende. Zaka zonsezi mkanjowo ankasita ndi iye. Tsikuli abusa ankaufuna kuti avale pokaonekera ku komiti ya boma yofufuza nkhanza za m'mipingo, ndipo wokawanena kumeneko anali mwana wa mayi yemweyu.

Mwanayo akadali kupulayimale, mphunzitsi wa kwaya anamugwiririra. Mayiyo anathamangira kwa abusa, koma iwo anati, "Mayi, tisachititse manyazi nyumba ya Mulungu. Tingopemphera." Mphunzitsi uja anangomusamutsira kumpingo wina. Mayi naye n'kukauza mwana kuti atseke pakamwa. Kuyambira pamenepo mwanayo analeka kumuyang'ana m'maso.

"Odi! Kodi mukufuna kutiotchera nyumba? Simbi ikununkhatu iyi," anatero namwino wa khomo loyandikana, akuizimitsa.

"Anamwino, manyazi andigwira. Mwana ndinamutseka pakamwa ndine, kenako n'kumasitira mkanjo munthu amene anakwirira nkhaniyo. Ndikaonetsa nkhope yanji kumeneko?"

"Madzi akatayika saoleka, n'zoona, koma mwana wanu sanatayike. Komiti imamvanso makolo. Mutha kulankhula pagulu, kapena m'chipinda panokha dzina lanu osatchulidwa, ndipo alangizi okulimbitsani mtima aliponso. Nanga abusa akakana kuti sanauzidwe, angawatsutse ndani? Munalipo ndinu."

Mayiyo anapinda mkanjo uli makwinyamakwinya, n'kukausiya pakhomo pa abusa.

Atafika kuholo ya komiti ija, anapeza muli anthu thothotho. Mwana wake, yemwe tsopano ndi mayi wa ana ake, anali kutsogolo yekhayekha, chikwama chili pampando wa pambali pake. Anafotokoza zonse. Abusa ataitanidwa anakonza kukhosi, amvekere, "Nkhani imeneyi ine sinandipeze."

Aa! Mayi uja anangozindikira waimika dzanja. Wapampando atamulola, anaimirira.

"Inakupezani, abusa. Ndinabwera nayo ndine, munali mukuthirira maluwa. Munati tingopemphera, ine n'kumvera. Mwana wanga ndinamulakwira."

Abusa anazyolika, kenako anavomera kuti anauzidwadi, ndipo anapepesa pamaso pa onse. Wapampando analengeza kuti nkhani ya mphunzitsi uja ipita kupolisi, chifukwa kumene anasamutsidwirako kulinso ana.

Mayiyo ankafuna kuzembera kumbuyo, pamene mwana wake anachotsa chikwama pampando paja. Mwanayo anamuyang'ana m'maso.

"Amayi, khalani apa."

Mwana akakuuzani kuti wachitiridwa nkhanza, mukhulupirireni ndipo kaneneni kupolisi, ngakhale wolakwayo ndi wakutchalitchi. Manyazi si a mwana, ndi a wochita nkhanza ndi womubisa. Ngati munakhala chete kale, nthawi yolankhula ikadalipo.