Yankho la Tamanda

Njinga yamoto ya boma itaima pabwalo, Zipora anathamangira mphasa akumwetulira. Anali atapita kuofesi katatu, kuchokera ku Mitundu mpaka ku Lilongwe, kufuna kapepala chabe konena kuti Tamanda, mwana wamasiye wa mlongo wake, azikhala naye. Pa wailesi ankati boma latsopanoli labwera ndi ufulu wa ana, ndipo iye anakhulupirira ndi mtima wonse.

Tamanda anali wa zaka khumi. Anathawa ku Nathenje kwa amalume ake, a Bester, amene ankamusoketsa fodya m'chigafa anzake ali kusukulu. Anafika msana wonse uli mikwingwirima.

Koma bwana woona za ana amene anabwera pa njingayo, a Gilibati, anali ataitananso a Bester. Anafikadi, atavala jekete ya Lamulungu, nkhope ngati mkulu wa mpingo.

"Mayi, mwanayu ndi ndani wanu?" anafunsa a Gilibati.

"Ndine azakhali ake, bwana."

A Bester anaseka. "Mwadzimvera nokha. Akuchimuna awa! Kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndine."

"Tangomuonani kumsana, bwana," anadandaula Zipora.

"Anagwa mumtengo wa mango," anatero a Bester. "Ngwopulupudza ameneyu."

"Lamulo likuti timve kwa mwana," anadula a Gilibati. "Iwe, tabwera. Amalume akowa amakumenya?"

Tamanda anagwada chapatali, maso pansi, monga momwe Zipora yemweyo ankamuphunzitsira tsiku ndi tsiku. Nanga mwana waulemu anganeneze bwanji munthu wamkulu, mwiniwakeyo ali pomwepo akumuyang'ana? Zomutengera kuseri kwa nyumba bwanayo sanaziganizire n'komwe. Maso ake anali pa mitambo ya mvula.

"Ayi," ananong'ona mwanayo.

"Kweza mawu."

"Sandimenya."

A Gilibati analemba, a Bester anadinda chala, nkhani n'kuthera pomwepo. Boma limeneli Zipora analiitana yekha, ndi miyendo yakeyi.

"Ndiye muzikamuona kumeneko, bwana?"

"Petulo akapezeka, mayi. Dera lonseli njinga ndi yomweyi."

Zipora anamumangira mwanayo madiresi ake awiri ndi kope la kusukulu m'kachitenje. A Bester anali atagwira kale njinga yawo yakapalasa, akuliza belu. Asanakwere, Tamanda anakoka chitenje cha Zipora.

"Azakhali, ndayankha bwino?"

"Wayankha mwaulemu, mwanangu."

Zipora anadikira mpaka njingayo itakhota pamsewu. Kenaka anakhala pansi m'fumbi, nalira mokuwa ngati pamaliro.