Mapu Otha Ntchito

Goodman anali atagwira kale mpukutu wa mapepalawo pamene Rozaria anauponda mbali inayo.

"Alamu, chotsani phazi."

"Siyani ndinu, alamu."

Abale amene anakhala pamkeka anayang'ana pansi. Panali patangopita masiku ochepa chiikireni Davison m'manda a m'munsi mwa Michesi, ndipo tsikuli linali logawa katundu wa malemuyo. Jekete, nsapato, njinga ndi wailesi zinali zitapita kale kwa abale a mwamuna, Rozaria, mkazi wa malemu, osatsutsa. Ngakhale pamene Goodman anavala chipewa cha mng'ono wake n'kumafunsa anthu ngati chamukhala, mayiyu anangomuyang'ana. Koma pa mapepalawa anakana.

Davison anagwira ntchito ku bwalo la ndege mpaka imvi, osayendetsapo ndege ngakhale kamodzi. Yake inali ya mapu amene oyendetsa ndege amadalira akalowa mumtambo, mmene maso sathandiza kanthu. Akamva kuti kwinakwake amanga nsanja ya foni, kapena chipangizo cholondolera ndege chafa, kapena njira yotsikira yasintha, ankakonza mapu, kutumiza atsopano, akalewo n'kuwalanda m'manja mwa anthu. Goodman yekha ankauza anzake pa bawo kuti mng'ono wake ndi payiloti. Limenelo ndilo bodza lokhalo limene Davison analisiya osakonza.

Mpukutuwo unali wa mapu akale amene anabwera nawo kumudzi matenda atayamba kumugwira.

"Awa ndi a Nickson," anatero Goodman. "Mwana wa mlongo wathu akuphunzira kuyendetsa ndege kunja. Za amalume ake sizingapite kwina. Sichoncho, Aliness?"

Aliness, mayi ake a Nickson, anakoka chitenje kumapewa.

"Nickson atenge wotchi, atenge mabuku onse," anatero Rozaria. "Awa atha ntchito. Onani tsiku lili pakonapo."

"Pepala limatha ntchito ngati mankhwala a kuchipatala?"

"Eya. Ndipo limapha chimodzimodzi."

Wina anatsokomola. Rozaria ankamudziwa bwino Nickson. Mnyamatayo anali wanzeru, koma chilichonse chochokera m'manja mwa amalume ake ankachilandira ngati Uthenga Wabwino. Akanawasunga m'chikwama chake cha ntchito, pafupi ndi mapu enieni, kuti azikumbukira. Ndiye Davison ankanena kawirikawiri kuti munthu wotopa, ali mumtambo, satenga pepala loyenera, amatenga lomwe dzanja lakhudza. Nickson yemweyo anapemphapo mapuwa amalume ake ali moyo, ndipo anabwerera chimanjamanja.

Goodman anasolola pepala limodzi, n'kulitambasula pamkeka. Anayendetsa chala pamizere ndi manambala ngati munthu amene amawerenga zimenezi m'mawa uliwonse, mpaka anapeza mawu amene ankawadziwa.

"Ili si phiri lathu ili? Si Michesi uyu?" Analoza phiri lenilenilo kuseri kwa nyumba. "Pamapu lilipo, apo lilipo. Chatha ntchito n'chiyani? Phiri silisamuka, alamu."

Rozaria anamva kutentha kukwera kuchokera pamtima. Anali atalira mpaka misozi kuuma, anali atagona pansi, anali ataonerera anthu akuyeza nsapato za mwamuna wake. Chimene chinatsala mwa iye tsopano chinali mkwiyo basi.

"Mukunena zimenezo kuno ku Phalombe?" anafunsa motsitsa mawu. "Phiri silisamuka? Nanga Lily munakamupeza kuti?"

Lily anali mlongo wa Goodman ndi Davison, wotsiriza kubadwa m'banja mwawo. Chaka cha Napolo, phiri litatsika ndi miyala ndi matope, mtsikanayo anakapezeka atafa kutali kumadimba, ndipo amene anamunyamula pobwera naye anali Goodman yemweyo. Dzinalo silinkatchulidwa pabanjapo. Rozaria anadziwa kuti wabaya pachilonda, ndipo zinamupweteka nayenso, koma mawuwo sanawabweze.

Goodman anavula chipewa chija pang'onopang'ono.

"Chabwino," anatero. "Mwatichitira mwano pamaso pa anthu. Ndiye mumve. Mapepalawa akapanda kutuluka pakhomo pano lero, ife sitidzabwera kudzakusudzulani. Mudzakhala ndi zakuda zanuzo mpaka zidzang'ambikire pathupi."

Amayi ena anagwira pakamwa. Mkazi wamasiye wosasudzulidwa ndi abale a mwamuna amakhala womangika. Sakwatiwanso, savula zamaliro, ndipo pachitsime anthu amayamba kufunsana kuti analakwa chiyani. Rozaria ankazidziwa zonsezi, ndipo mantha anamugwira ndithu.

"Musandisudzule," anatero. "Ine sindinapemphe kuti ndisiyane naye Davison. Koma pepala ili silikwera ndege."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi sizasi yake yosokera. Anagwada pamkeka, n'kukokera pepala lija kwa iye. Goodman anagwira ngodya ina.

"Aliness, lankhula! Chuma cha mwana wako ichi."

Aliness anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Maso ake anali ofiira.

"Achimwene, ine phiri linanditengera kale mng'ono wanga," anatero. "Mwana ndili naye mmodzi."

Anasendera pafupi, nachotsa dzanja la mchimwene wake papepalapo chala chimodzichimodzi. Kenako anagwira pepalalo mbali zonse ziwiri n'kulikoka kuti liwongoke. Sizasi inadutsa pakati pa Michesi.

Goodman anaimirira, natenga jekete ndi njinga. Sanatsanzike. Abale ena anamutsatira, ena anatsala pang'ono chifukwa cha manyazi, kenako nawonso ananyamuka. Palibe amene anatchula tsiku lobweranso.

Azimayi awiriwo anapitiriza kudula. Rozaria sankadula mwachisawawa. Pepala lililonse ankaligawa panayi, zidutswa zofanana, n'kuzisanja pambali.

"Bwanji osangowotcha, alamu?" anafunsa Aliness.

Rozaria analoza ndi chibwano kumpanda. Kumeneko kunali kutaima ana asukulu a m'mudzimo, yunifolomu ili pathupi, aliyense atakumbatira makope ake pachifuwa. Ankaopa kulowa pakhomo pamaliro, koma teremu inali itayamba, ndipo teremu ikayamba iwo ankadziwa kobwera.

"Davison ankawakutira makope yekha, pakhonde apo," anatero Rozaria. "Amati mapu akatha ntchito kumwamba asamangotayidwa, pepala lake ndi lolimba, sililowa mvula msanga."

Anakodola anawo ndi dzanja. Kamtsikana kakang'ono ndiko kanayamba kulowa, n'kupereka kope lake la masamu ndi manja awiri. Rozaria anapukuta manja pa diresi lake lakuda, natenga chidutswa chimodzi. Anatembenuzira mizere ndi manambala mkati, mbali yoyera kunja, monga ankachitira mwini wake, n'kuyamba kupinda ngodya.