Timagetsi Tinayi

Ine ndimagulitsa katundu wa anthu okonda kugona m'tchire mwadala. Shopu yake ndi ya a Collins, ku Lilongwe, ndipo muli mipeni ya alenje, matochi, matenti ndi mapawabanki olimba aja otchajira foni, amene amati ngakhale atagwa pamwala saphwanyika. Makasitomala athu ndi anthu oti kwawo kuli bedi ndi magetsi, koma Loweruka likakwana amafuna akazunzike kuphiri. Sindiwanena, ndiwo amandidyetsa.

Malonda ankayenda mwa apo ndi apo mpaka tsiku limene ndinatenga mpeni umodzi kupita nawo kumudzi, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kuti bambo anga akauone. A Bonifasio, bambo angawo, analondera nkhalangoyo zaka makumi atatu asanapume. Anaulandira mpeniwo, nkuugogoda ndi chikhadabo, nkudula nawo nsungwi katatu, kenaka anati chogwirira chake anapangira munthu amene sanatulukepo thukuta m'manja. Ndinawajambula pafoni mongocheza. A Collins ataika kanemayo pa intaneti, mpeni wa mtunduwo sitinagulitsenso ngakhale umodzi, koma wina umene bambo anauyamikira mwezi wotsatira unatha m'masiku anayi. Anthu anali atapeza munthu wosanama.

Basi inasanduka ntchito. Mwezi uliwonse ndinkatsika minibasi pa Linthipe ndi chikwama, bambo nkuyesa katunduyo, ine nkujambula. Ankatsogola ndi iwo kulowa m'nkhalango, ine pambuyo wefuwefu ndi nsapato zam'tauni, iwo osapunthwa ngakhale kamodzi.

Pamudzipo bambo anali mkamwini. Kwawo ndi ku Lobi, ndipo ku Chongoni anabwera chifukwa cha mayi anga, a Jenifa, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Mwambo wake ngwakuti mkazi akamwalira, pakapita nthawi akuchikazi amamusudzula mwamuna, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwa abale ake. Amalume, a Alufeo, nkhaniyi ankangoikankhira kutsogolo. Bambo ankalima munda wa mayi, mbatatesi zinkachita bwino, ndipo munthu wodzidalira sakhala mtolo kwa wina aliyense. Panalibe anaitchula poyera, koma tonse tinkadziwa kuti bambo akhala pamenepo malinga ngati akudziyendera okha.

Ndikakumbuka tsopano ndimadzikwiyira, chifukwa zizindikiro zinalipo zambirimbiri. Anasiya kuwerenga Mawu a Mulungu ku mphakati wa tchalitchi, akuti apatse mpata achinyamata. Zolemba za pabokosi ankati ndiwawerengere ine, popeza zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Mpeni ankauyesa ndi chala, osaubweretsa kumaso. Ine ndinkati ndi ukatswiri.

Mu Juni ndinapita ndi pawabanki yatsopano, yakuda, yokutidwa ndi labala, yolembedwa kuti siilowa madzi. Kunali nkhungu ndi chisanu choluma makutu. Tili m'njira bambo anandifunsa kuti chinthucho chikakhala ndi moto chimaonetsa bwanji, ndipo ndinawauza kuti ukadina batani pamayaka timagetsi tinayi. 

Pakhwawa anachita monga mwa masiku onse. Anaiponya pamwala kawiri, anaiponda ndi jombo, kenaka anaimiza m'madzi nkuwerenga mpaka makumi asanu. Ataivuula anaipukuta pamalaya, nkudina batani, nkuitembenuzira kwa ine.

"Taonani, timagetsi tonse tinayi tikuyaka. Iyi gulani, njolimba."

Ine maso anali pa nthawi, chifukwa ndinkafuna minibasi ya masana. Ndinaponya pawabankiyo m'chikwama, ndinatsanzika mothamanga, ndipo kanemayo ndinamutumiza kwa a Collins ndili pa siteji, osamuonera. Iwonso anamuika pa intaneti pompopompo.

Mmene ndinkafika ku Lilongwe, foni inali itadzaza ndemanga. Ena ankaseka, ena ankatukwana. Wina analemba kuti madalawa nawonso agulidwa. Ndinatsegula kanema uja ndili pakhomo, chikwama chikadali kumsana. Panalibe kagetsi ngakhale kamodzi koyaka. Pawabankiyo inali itafera m'madzi muja. Ndipo bambo, akumwetulira, sankayang'ana foni yanga, ankayang'ana pambali panga pomwe panalibe munthu. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo nkulira, anthu akudutsa.

Tinamuchotsa kanemayo, koma anali atafika kale kumudzi kudzera pa WhatsApp. Kwathu sanaseke. Azimayi a kumeneko anangoyang'anizana, chifukwa ena anali ataonapo bambo akuzula nyemba pamodzi ndi udzu, nkukhala chete powachitira ulemu. Tsopano nkhani inali m'foni ya aliyense.

Ndinawatengera kuchipatala sabata yomweyo. Dokotala anawaunika nthawi yaitali, nkunena kuti mitsempha ya m'maso inawonongeka kalekale, ndipo mankhwala angothandiza kusunga kuona kochepa kotsalako. Potuluka ndinawakalipira bambo ngati mwana, kuwafunsa chifukwa chimene anabisira. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa.

"Pilira, ndikananena, bwenzi ndili ku Lobi chaka chatha. Kuno mapazi anga amaona. Mwala uliwonse ndimaudziwa, njira ya kumanda kwa amako ndimapita ndekha. Ku Lobi ndinachokako ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu."

Za anthu owanena kuti agulidwa sindinawauze, koma anali atamva kale. Anati chimenecho ndiye chinawawawa kuposa maso. Anati pawabankiyo m'manja inkamveka yolimba, ndiye anaikhulupirira.

Amalume anaitanitsa abale a bambo a ku Lobi mwezi usanathe. Ine ndinalankhula zambiri pamsonkhano wake, zina zosayenera kuchokera kwa mwana wamkazi kupita kwa mwini mbumba, ndipo sindinapepese mpaka lero. Amalume sanakweze mawu. Anati alamu awo akhala nawo bwino zaka zonsezi, palibe choipa anawachitira, koma munthu wosaona amene amalowa yekha m'nkhalango tsiku lina adzagwera kuphompho, ndipo iwo adzasowa choyankha kwa eni ake. Anafunsa kuti ndani pamudzipo adzawaphikire ndi kuwatsogolera, poti ine ndili m'tauni. Ndinati ndiwatenga. Bambo anakana okha. Ankadziwa kuti ndimakhala m'chipinda chimodzi ndi mnzanga, ndipo anati sangakafere pakati pa mipanda ya njerwa. Choncho anawasudzula mwaulemu wonse, ndi chakudya ndi mawu okoma. Ulemuwo ndi umene unandinyansa kwambiri.

Katundu wawo anakwana m'matumba awiri. M'mawa wonyamuka anapita okha kumanda kwa mayi, anakana kuti ndiwaperekeze, ndipo anabwerera ali ndi mame mpaka m'mawondo.

Ku Lobi anatilandira azakhali, a Falesi, mlongo wawo wa bambo, amene anawakonzera kanyumba kuseri kwa yawo. Malo ake ngotsetsereka, mizere ya chimanga mpaka pakhomo. Tsiku loyamba bambo anatuluka kuti apite kuchimbudzi, ndipo anakathera m'khola la mbuzi. Anaima momwemo, dzanja lili pamtengo, osaitana munthu. Ndinawapeza ndine.

Masana ake azakhali anandipatsa chingwe cha khonje kuti ndimange kuyambira pakhomo la bambo kukafika kuchimbudzi, azigwira poyenda. Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga, koma chingwe chinatalika ndipo ndinalibe chodulira pafupi. M'chikwama changa munali mpeni watsopano wa kushopu umene ndinayenera kuwapatsa mwezi umenewo kuti auyese. Ndinausolola m'chimake mwakachetechete, koma iwo anamva.

Anatambasula dzanja, ine nkuwapatsa. Anaugogoda ndi chikhadabo, anayendetsa chala kunsonga, anaupima m'manja kumva kulemera kwake. Kenaka anafufuza chingwe chija, nkuchipinda, nkudula kamodzi kokha.

"Ukujambula?"

Ndinati ayi.

"Chabwino. Ukangowauza pakamwa kuti uwu ndi mpeni wabwino. Ngati angakhulupirire."

Anandibwezera mpeniwo chogwirira chili kutsogolo, monga ankandiphunzitsira ndili mwana. Kenaka munthu amene anayenda m'Chongoni zaka makumi atatu osafunsa njira anagwira chingwe ndi manja onse awiri, nkuyamba kuwerenga mapazi.